Mwala Umene Styrmir Anakana Kuika

"Imitsa galimoto, Styrmir! Mathithi achitatu awa ukungowapitirira!"

"Awa ndi ana chabe, mtima wanga. Akuluakulu ali kutsogolo."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndinaona pafoni, iwe. Idya nsomba zako zoumazo, usiye kundizenga mlandu."

Ylfa anamugenda ndi kachidutswa ka nsomba, onse n'kuseka. Mtsikanayu anali atangomaliza sukulu, ndipo kum'mawa kwa chilumba chawo anali asanafikeko. Uthenga umene Styrmir anamutumizira m'miyezi yozizira anachita kuuloweza: "Msewu wa kum'mawa sindinaupondepo. Ndakusungira iwe, nyenyezi yanga, kuti tikadabwe limodzi."

Atapitirira tauni ya Vík, dziko linatseguka. Mchenga wakuda bii mpaka kunyanja! Kumanzere, phiri la madzi oundana likung'anima mbee, lalikulu moti mitambo inkangoligwira m'chiuno. Ylfa anatsitsa galasi, mphepo n'kumutulutsa misozi. Kodi zonsezi zinalipo nthawi yonse imene iye ankawodzera m'kalasi mumzinda wa Reykjavík?

Kenako anafika pachitunda cha timilu ta miyala. Timilu tosawerengeka, tili ndandanda ngati khamu la anthu ogwada. Aliyense wodutsa mchengawu koyamba amaikapo mwala kuti ulendo umuyendere. Koyamba pokha. Ngakhale mwana amadziwa zimenezo.

Ylfa anatola miyala iwiri. "Nawu wako, wokondedwa. Tiike pamodzi."

Manja a Styrmir sanatuluke m'matumba.

"Wazizidwa, mwamuna wapanyanja iwe? Landira!"

"Ika wako basi."

"Styrmir?"

Mnyamatayu ankagwira ntchito m'sitima ya nsomba, ndipo anthu apanyanja sasewera ndi mwayi. Kunamiza mtsikana akanatha. Koma kunamiza miyala, sabata yamawa akubwerera pamafunde?

"Ndinaika kale," anatero chapansipansi.

"Liti?"

"Mwezi watha."

"Mwezi watha unali panyanja! Unandilembera kuti mafunde akutchula dzina langa!"

Styrmir anangoyang'ana kamulu kena kamene kanali pafupi ndi nsapato yake. Pamwamba pake panali miyala iwiri yogundana mitu.

"Winayo ndi wa ndani?"

"Wa mtsikana wina, Dagný. Koma zinatha, nyenyezi yanga, ndikulumbira..."

Ylfa sanalire mokuwa. Anatembenukira kuphiri lija. Dzuwa linali litang'amba mtambo, ndipo madzi oundanawo anasanduka obiriwira ngati kumwamba kwagwera pansi. Mtima unkamuwawa, koma maso ankakana kuphethira.

Anawerama n'kuika mwala wake pawokha, patali. Winawo anauponya mumchenga.

"Ndichite chiyani kuti undikhululukire? Nena chimene ukufuna!"

"Sindinkafuna malumbiro, Styrmir. Ndinkangofuna munthu woti ndikati 'taona!' nayenso atsegule pakamwa. Iwe tsiku lonse wakhala ukuyang'ana wotchi." Anatambasula dzanja. "Bweretsa makiyi. Basi yobwerera imadutsa pompano madzulo, ukwere imeneyo. Ine ndikupita kukadabwa ndekha, ndipo ndiima pamathithi aliwonse."