Madzi a m'Matayala a Yesenia

Yesenia anali ndi hatchi yofiirira. Dzina lake linali Canela. Yesenia ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kukwera Canela pa chionetsero cha ziweto cha m'tauni.

Chaka chimenecho kwawo ku New Mexico, m'dziko la America, kunatentha koopsa. Akhwangwala ankangoti kukamwa yasa ndi ludzu. Yesenia anawamvera chisoni. Kuseri kwa khola kunali matayala akale. Iye anathiramo madzi.

"Taonani mayi wa akhwangwala!" anaseka mchimwene wake Rubén. "Mawa uwaphikirenso nyemba."

"Zisiyeni, achimwene," anatero Yesenia. "Inu ludzu simulidziwa?"

Madzi aja anakhala masiku ambiri. Anasanduka obiriwira. Udzudzu unachuluka pakhola.

Tsiku lina Yesenia anapeza khwangwala atafa. Mawa lake anapezanso awiri.

Kenako bambo ake anadwala. Thupi linatentha. Mutu unawapweteka. Anangogona.

Kenako Canela anadwalanso. Ankayenda modzandira. Milomo yake inkanjenjemera. Anakana udzu. Anakana ngakhale apozi. Yesenia anachita mantha kwambiri.

Mayi Hollis, dokotala wa ziweto, anabwera. Anamuyeza Canela. Kenako anasuzumira m'matayala muja. Munali timphutsi tambirimbiri, tikungoti piringupiringu.

"Awa ndi ana a udzudzu," anatero kwa Yesenia. "Tamvera, mwanangu. Pali kachilombo kotchedwa West Nile. Kamakhala m'magazi a mbalame. Udzudzu umaluma mbalame yodwala. Kenako umaluma hatchi. Kenako umaluma munthu."

"Ndiye Canela ndi amene wapatsira ababa?" anafunsa Rubén.

"Ayi. Hatchi sipatsira munthu. Wopatsira ndi udzudzu."

Yesenia anayang'ana matayala aja.

"Madziwa ndinathira ndine," anatero.

Ulendo uno Rubén sanaseke.

Yesenia anagubuduza tayala loyamba. Khuthu! Anagubuduza lachiwiri. Khuthu! Rubén anamuthandiza mpaka lomaliza. Koma kachilombo kanali katafika kale mu ubongo wa Canela. Madzi akatayika saoleka.

Patapita masiku atatu, Canela anagona pansi. Yesenia anamusisita khosi. "Dzuka, Canela. Chonde dzuka." Canela sanadzuke.

Tsiku la chionetsero linafika. Yesenia sanapite. Anakhala m'khola lopanda kanthu. Mtima unkamuwawa.

Bambo ake anali atayamba kupeza bwino. Anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo. Anakhala pambali pake.

"Ababa, Canela ndamupha ndine."

"Ayi, mwanangu. Udzudzu umaswana paliponse, ngakhale m'ngalande za kumunda. Hatchi zili ndi katemera wa matendawa. Adokotala anandikumbutsa kawiri konse. Ine ndinkangoti mawa, mawa."

Yesenia anawayang'ana. Nawonso maso anali atafiira. Anawagwira dzanja.

M'mawa mwake Yesenia anatenga kambale kamodzi. Anakatsuka bwinobwino. Anathiramo madzi atsopano. Anakaika patali ndi khola.

Panabwera khwangwala mmodzi yekha. Kale ankabwera ambiri. Anaima. Anapendeketsa mutu.

Yesenia sanamwetulire.

"Imwa msanga, iwe," anatero. "Madzulo madziwa ndiwataya."