Mkamwini Woyeza Magazi

Tsiku lake loyamba ntchito m'labu ya chipatala, mtsikana wina anapunthwa pa ndowa ya munthu wokolopa.

"Pepani bwana," anatero wokolopayo, maso ali pansi.

Mawuwo anawadziwa. Anali Nambala Wani, yemwe ankamuposa mayeso onse kupulayimale! Mtsikanayo amalume ake anamutengera kusekondale ya magetsi ndi mabuku. Mnzakeyo anatsalira kusukulu komwe mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa maphunziro anayi.

"Iwe! Ukutani ndi chikolopa?"

"Makina oonera tizilombo ndinayamba kuwaona tsiku la mayeso," anaseka. "Ndinkasuzumira kolakwika. Pano ndiye ndimawapukuta tsiku lililonse."

Chikondi sichinachedwe. Nthawi yopuma foni inkalira: "Duwa langa, pomwe waponda ndimachedwa dala kukolopapo."

Mtsikanayo ankayankha: "Wapamtima, sindidzachita nawe manyazi mpaka kalekale."

Anthu akachoka ankamulola kusuzumira m'makina muja, ndipo mnyamatayo ankaloza tizilombo ta malungo asanauzidwe.

Koma mayi a mtsikanayo ataona chithunzi cha mnyamatayo n'kufunsa ntchito ya mkamwini, lilime la mtsikanayo linaterereka lokha.

"Amayeza magazi, ngati ine."

Kabodza kakang'ono ngati kameneko kakanapha ndani?

Lolemba lina mayiwo anangotulukira kuchipatala, mutu ukuwapweteka. Pakhonde anapeza mnyamata uja atagwada, akufinya chikolopa.

"Bambo, si inu kodi? Mwana wanga akuti mumayeza magazi. Asiyireni eni ake zimenezo, mundiyeze ndinu!"

Mnyamatayo anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana mtsikanayo, yemwe anali pakhomo la labu atavala zoyera. Anadikira. Mawu amodzi okha akanakwana! Koma mtsikanayo maso anali pa timabotolo tomwe tinali m'manja mwake.

"Mwandisokoneza ndi wina, mayi," anatero mwaulemu. "Dzerani mbali iyi, apo m'ponyowa."

Poweruka uthenga unalowa: "Kulephera mayeso ndinapirira, poti ochongawo sankandidziwa. Nanga iwe?"

Anamuimbira kasanu, foni inali yozimitsa. M'mawa mwake kunabwera wokolopa wina.

Patha miyezi isanu ndi itatu. Mayi ake akaikumbukira nkhaniyi amaseka mpaka misozi.

"Manyazi ake tsiku lija, kumutcha wokolopa mkamwini! Koma kufanana kwake, iwe. Nanga weniweniyo ubwera naye liti?"

Mtsikanayo amayasama kuti anene zoona. Chimatuluka ndi china.

"Watanganidwa, amayi."