Mpando Nambala 41

Tsiku limenelo tinatsetsereka ndi matabwa pachipale chofewa cha paphiri mpaka miyendo kutopa. Panali pa 24 Disembala. Anthu ambiri anali atatsika kale kukakonza za Khirisimasi, moti phiri linali ngati lathulathu. Ine ndi mwamuna wanga Leszek titatsika komaliza, tinapeza Hias, mkulu woyendetsa mipando ya pachingwe yokweza anthu kuphiri, akukhoma kanyumba kake ka makina.

"Apolishi inu mulibe kwanu?" anatero akuseka. "Anzanu onse akuwotha moto."

"Kwathu n'kutali, achimwene," Leszek anayankha. "Tikwezeni kamodzi kokha, komaliza."

"Ngakhale abwere bishopu. Folo koloko yakwana, makina agona. Mawa eyiti."

Anaponya kiyi m'thumba la jekete n'kutsetserekera kumudzi.

Panthawiyo tinali titakhala ku Munich zaka khumi ndi ziwiri. Leszek ndi namwino wa anthu othyoka mafupa, ine ndimagulitsa mankhwala. Khirisimasi iliyonse tinkabwereka kanyumba ka Mayi Burgl ku Hinterlahn, komalizira kwenikweni kumtunda kwa mudzi. Ku Poland tinasiya kupitako nyengo imeneyi. Tinatopa ndi azakhali ofunsa kuti mwana abwera liti.

Koma zakudya zinali zakwathu. Msuzi wofiira wa bitiruti unkabwata pachitofu cha nkhuni. Bowa wouma anali wotumizidwa ndi amayi anga. Ine ndinkakanda ufa wa mapirogi, Leszek akuikamo kabichi ndi bowa n'kumatseka m'mbali ndi foloko.

"Akowa akuoneka ngati makutu a nkhumba," ndinamuuza.

"Udya omwewo, Kinga, ndipo upempha ena."

Cha m'ma sikisi amayi anaimba foni. Funso lawo loyamba linali lakale lomwe.

"Mbale ya mlendo mwaika?"

"Taika, amayi."

Kwathu usiku umenewu patebulo pamakhala mbale imodzi yapadera, ya munthu wapaulendo amene angagogode. Chibadwire changa palibe anagogodapo. Amayi anayamba kufotokoza za mwendo wa abambo, mawu awo akudukaduka, kenako foni inangoti zii. Ndinayesa kuwaimbiranso. Inakana. Kunja mphepo inali itayamba, chipale chofewa chikugwa chopingasa.

Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Ndinakonza mafoloko okonzakonza kale. Ndinasuzumira pawindo kufuna nyenyezi yoyamba kuti tiyambe kudya monga mwa mwambo wakwathu, koma kunali mdima ndi chipale basi. Ndinakhala pansi. Ndinadzukanso.

"Iwe, ukundizunguzitsa mutu," anatero Leszek. "Nyenyezi ilipo, yangobisala. Tiye tidye."

Tinagawana kamkate kopyapyala, tinafunirana mafuno abwino, tinapsompsonana. Ndinali nditangothira msuzi pamene tinamva kugogoda.

Go. Go. Go.

Sikunali kuchitseko chakumaso, kumene kuli njira yochokera kumudzi. Kunali kuchitseko chakuseri, cha kachipinda kosungira matabwa otsetserekera. Chitseko chimenecho chimayang'ana kuphiri. Kuseri kwake kulibe nyumba, kulibe msewu.

Tinayang'anana.

"Mwina ndi nthambi," ndinatero.

Go. Go. Go.

Leszek anapukuta pakamwa n'kupita. Ndinamva akulimbana ndi chitsekocho, pakuti chipale chinali chitachitsekereza. Kenako mphepo yozizira inadutsa m'miyendo mwanga, makandulo n'kuweramira mbali imodzi.

Analowa ndi mayi wina. Msinkhu wake unali ngati wanga. Anavala zovala zotsetserekera zofiira, zamapewa otukuka, zonga zimene amayi anga anavala pa zithunzi za utsikana wawo. Dzanja limodzi linali ndi golovesi, linalo linalibe.

"Ambuye Yesu atamandike," anatero mayiyo.

Ananena m'Chipolishi. M'mudzi monsemo munalibe wina wolankhula chinenero chathu.

"Mpaka muyaya," ndinayankha, pakamwa pakungoyenda pokha. "Khalani pansi, mayi. Mwasochera?"

Anapita molunjika pa mbale yapadera ija ngati anaionapo kale, n'kukhala. Ndinamuthirira msuzi. Anafumbata mbaleyo ndi manja onse awiri, koma supuni sanaikhudze.

"Ndinu a kuti kwathuko?" Leszek anafunsa.

"Kutali."

"Mukugona kuhotela?"

"Timagwira ntchito kumeneko. Kukhitchini."

Hotela ya m'mudzimo anaitseka ine ndisanayambe kubwera ku Hinterlahn. Ndinafuna kunena zimenezo, koma maso anga anakodwa pa mapewa ake. Chitofu chinali chofiira, ife tinali titavula majuzi akunja, mawindo akuchita thukuta. Koma chipale cha pamapewa pake sichinkasungunuka. Cha m'tsitsi chimodzimodzi. Pansi pa mpando wake panali pouma.

Ndinayang'ana mbale zathu. Zinkafuka nthunzi. Yake inali itasiya.

"Mwamuna wanga ali kumtunda," anatero motsitsa. "Wathyoka mwendo. Sangathe kutsika. Bambo Leszek, inu mumadziwa za mafupa."

Dzina lake palibe anali atalitchula. Za ntchito yakenso ayi.

Leszek anakankha mpando n'kuimirira.

"Ali pati?"

"Pafupi. Ndikulondolerani."

"Leszek, dikira," ndinatero. "Tiitane anthu opulumutsa. Ali ndi zingwe, ali ndi agalu."

"Foni sikugwira. Munthu akhala maola angati pachipale, Kinga? Ukudziwa iwe."

"Tamuyang'ana bwino mayiyu," ndinanong'ona.

"Ndamuona. Wazizidwa."

Sankandiyang'ana. Maso ake anali pa mlendoyo, ngati munthu womvetsera nyimbo yakutali. Ndinamugwira mkono mwamphamvu.

"Ndikuthamangira kwa Mayi Burgl, ali ndi foni ya m'nyumba. Mphindi khumi zokha. Lumbira kuti sutuluka."

"Pita msanga."

"Lumbira!"

"Ndalumbira. Pita."

Ndinathamanga. Chipale chinkafika m'mawondo. Ndinagwa kawiri. Kwa Mayi Burgl ndinapeza banja lonse lili pa mtengo wa Khirisimasi, likuimba. Ndinafotokoza mopupuluma, Chijeremani chikundithawa pakamwa. Nditanena za zovala zofiira, nyimbo ya zidzukulu inali itatha kale. Mwamuna wawo, Bambo Veit, sanafunse kanthu. Anatenga nyali ndi ndodo.

"Wamusiya yekha ndi ameneyo?" Mayi Burgl anafunsa.

Tinakwera mothamanga. Tili patali ndinaona kuti makandulo azima. Chitseko chakuseri chinali chotsegula, chipale chitalowa mpaka kukhitchini. Jekete ya Leszek inali pamsomali. Nsapato zake zaphiri zinali pambali pa chitofu. Matabwa ake otsetserekera anali pakhoma. Iyeyo ndi mlendo uja kunalibe.

Bambo Veit anaunika panja. Mphepo inali itafufuta chilichonse.

Ndinakuwa dzina lake mpaka mawu kusasa.

Opulumutsa anafika isanakwane naini, amuna khumi ndi agalu awiri, ena akadali ndi malaya a tchalitchi mkati mwa majekete. Hias analinso pomwepo. Anasaka m'nkhalango, m'mbali mwa mtsinje, m'makola a udzu. Agalu ankafika pachitseko chakuseri, n'kununkhiza, n'kubwerera kwa eni ake michira ili pansi. Cha m'ma wani mphepo inakula, mkulu wawo n'kulamula kuti onse atsike mpaka kuche. Ndinamutukwana. Anangondigwira paphewa.

Mayi Burgl ananditengera kukhitchini kwawo. Anandipatsa tiyi, ndinamuika pansi. Anandifunditsa bulangete, ndinalichotsa. Ndinkayenda kuchoka pawindo kupita pachitseko, kuchoka pachitseko kubwerera pawindo. Belu la tchalitchi linkalira ola lililonse. Munthu wovala juzi ndi nsapato za m'nyumba, kuzizira kotero, ndinkadziwa bwino lomwe kuti satha maola atatu.

"Mwana wanga," anatero Mayi Burgl, akuyang'ana m'kapu mwawo, "anadya?"

"Ndani?"

"Mlendoyo."

"Ayi. Anangogwira mbale."

"Dzina lake ananena?"

"Mayi, mukumudziwa. Ndiuzeni."

"Ine sindidziwa kanthu. Imwa tiyi."

Kunayamba kuyera cha m'ma seveni. Mphepo inaleka, kumwamba kunali mbee. Amuna anasonkhananso pakanyumba ka makina, ine ndili pakati pawo. Hias anatulutsa magalasi oonera patali kuti aone ngati chingwe chapirira mphepo. Anayenda nawo pang'onopang'ono, mzati ndi mzati. Kenako anaima. Anawatsitsa, anawapukuta, anayang'ananso.

"Mayi Maria Woyera, tichitireni chifundo," anatero.

Ndinamulanda magalasiwo. Pakati pa mzati wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri, pamene chingwe chimadutsa pamwamba pa chigwembe chakuya, pampando wina panali munthu. Anakhala mowongoka, miyendo ili lende. Juzi yobiriwira ndinaluka ndine.

"Sizingatheke," Hias ankangobwereza, akufufuza kiyi m'thumba. "Ndinakhoma ndekha. Kiyi ndagona naye."

Loko anali wokhoma. Chipale cha pakhomo chinali chosapondedwa. Hias anapereka kiyi kwa Bambo Veit, iwo n'kutsegula. Makina analira, chingwe chinagwedezeka, mipando inayamba kutsika umodziumodzi, uliwonse utasenza mulu wa chipale. Ndinkawerenga manambala.

Unali mpando nambala 41. Chitsulo chotchingira kutsogolo chinali chotsitsa bwinobwino. Leszek anachikumbatira ndi mikono yonse, nsidze zili zoyera, milomo yakuda. Ndinaganiza kuti wafa. Kenako maso ake anatembenuka n'kundipeza.

Mpandowo ndi wa anthu awiri. Pambali pake panalibe chipale ngakhale pang'ono.

Anamutengera kuchipatala pa helikopita. Anapulumuka, koma anamudula zala zitatu za phazi lamanzere. Madokotala ankabwera awiriawiri kudzamuona, akupukusa mitu. Apolisi analemba kuti analedzera, anakwera mzati, n'kukwawa pachingwe mpaka pampando. Usiku umenewo kwathu sitimwa mowa. Ndipo kuchokera pamzati kufika pamene panali mpandowo ndi mtunda woti ngakhale wamasewera sangakwawe masana.

Ndinabwerera ku Hinterlahn ndekha kukatenga katundu. M'sitolo amayi awiri anasiya kulankhula nditalowa. Nkhani anandiuza ndi mlongo wake wa Hias, titaima kuseri kwa tchalitchi, akuyang'anayang'ana kumbuyo.

Akuti kale, hotela ikadali yotsegula, kunali banja lina lochokera kwathu, lotsuka mbale kukhitchini. Tsiku ngati lomwelo anawapatsa mpata masana, iwo n'kukwera phiri mochedwa. Woyendetsa makina wa nthawiyo anali ndi changu cha Khirisimasi. Sanawerenge mipando. Anazimitsa, anakhoma, anapita kwawo. Akuti anthu anamva kukuwa usiku, koma anayesa ndi achinyamata oledzera. Mwamunayo anadumpha kuti akaitane anthu, n'kugwera m'chigwembe. Mkaziyo anamupeza m'mawa ali pampando, atafa ndi kuzizira.

"Woyendetsa makinayo anali ndani?" ndinafunsa.

Anamanga mpango wake bwinobwino.

"Bambo athu sanadyenso Khirisimasi mpaka imfa yawo," anatero, n'kumapita.

Ena m'mudzimo amati zonsezi n'zopeka, banjalo linangobwerera kwawo. Mayi Burgl anandibwezera makiyi a galimoto yathu amene anatisungira, anandipsompsona pachipumi, ndipo sanandifunse ngati tidzabwerenso.

Leszek sankakamba za usikuwo. Ndikamufunsa ankati sakumbuka. Koma tulo analibe. Ndinkamumva akuyenda m'nyumba ndi ndodo yake, kuchipinda, kukhitchini, kuchipinda. Masitepe a panyumba yathu ankatsika atagwira khoma, osayang'ana pansi.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi ndikusenda mbatata, anabwera n'kukhala pafupi nane.

"Mmene ndinakwerera sindikudziwa, Kinga. Chimenecho ndikunena zoona. Ndinangozindikira ndili pampando, iye ali pambali panga."

Ndinaika mpeni pansi.

"Ankati chiyani?"

"Ankandipempha kuti ndidumphe. Usiku wonse. Mwaulemu, osakalipa. 'Dumphani, bambo, si patali. Mukamuthandize.' Ndipo pansi pankaoneka pafupi zedi. Kawiri konse ndinakweza chitsulo chija."

"Nanga chinakuletsa n'chiyani?"

Anasisita bondo.

"Pansi paja panali munthu," anatero. "Atagona chagada, mwendo utapindikira kumbuyo. Ankandiyang'ana. Nthawi iliyonse ndikagwira chitsulo, iye ankapukusa mutu kuti ayi."