Nsapato Yakumanzere ya Benchi

Pa timu ya basiketibolo ya pakoleji panali mnyamata wa chaka choyamba amene anzake ankamutcha Benchi, chifukwa masewera onse ankawaonera atakhala pabenchi. Msinkhu anali nawo, koma mpira unkamukana. Akaponya, unkagunda chitsulo n'kubwerera, anthu n'kuseka. Nsapato zake zinali zobooka kunsi, moti ankayalamo katoni kuti simenti ya pabwalo isamuwotche. Amayi ake ankakolopa m'maofesi, ndipo kakang'ono kamene ankapeza kankathera pa chakudya ndi mabuku.

Amene ankamuwawitsa mtima anali kaputeni wa timuyo, yemwe ankagona naye chipinda chimodzi. Kaputeniyo anali kale ndi kampani yomuveka ndi kumulipira. Analinso munthu wabwino, womugawira sopo ndi chakudya, ndipo ubwinowo ndiwo unkamunyansa kwambiri Benchi.

Tsiku lina masana Benchi anatengera nsapato zake kwa wosoka nsapato wa kuseri kwa msika, mkulu wa zikhadabo zakuda amene anthu ankanong'onezana kuti amasokanso zina.

Mkuluyo anazitembenuza, n'kumuyang'ana. “Ndisoke chikopa, kapena ndisoke tsoka lakoli?”

Benchi anayankha: “Ndikufuna mpira uzindimvera, madala. Ndikufuna ndalama. Ndatopa kuombera anzanga m'manja.”

Mkuluyo anavundukula chitini cha guluu n'kutulutsamo kanthu konyowa, kokulungidwa m'chikopa, kakutukumuka ndi kuphwa ngati kakupuma. Anakasokerera mkati mwa nsapato yakumanzere.

“Malamulo ndi awiri. Ukaivala, usadzaivulenso, kaya pogona, kaya posamba. Lachiwiri, kanthuka kamadya. Masewera alionse asanayambe uzikapatsa magazi a mnzako wa m'timu. Bandeji, thonje, pulasitala, chilichonse chonyowa. Uzingolowetsa m'mbali mwa nsapato.”

“Nanga mnzangayo zimuthera bwanji?”

“Wadzera za iwe kapena za mnzako?”

Benchi anayang'ana pansi. “Ndikapanda kukapatsa?”

Mkuluyo anaseka, mano achikasu ali pamtunda. “Phazi lako lili pomwepo. Sikasankha.”

M'chipinda chosinthira zovala munali bini yotayamo zomangira mabala. Loweruka lake Benchi anapisamo dzanja n'kutola pulasitala yochoka pabondo la kaputeni, amene anali atakhulika pang'ono pochita zokonzekera. Anaikankhira m'nsapato ndi chala, ndipo anamva kanthu kaja kakuyamwa.

Tsikulo kochi anamulowetsa kutatsala mphindi zisanu, timu ikugonja. Mpira uliwonse umene anaponya unalowa muukonde osakhudza chitsulo. Pomatha miyezi iwiri, dzina lake linali pakamwa pa aliyense. Makampani anayamba kumulimbirana. Benchi anagula galimoto, anapezera amayi ake nyumba yabwino, nawaletsa kukolopa.

Koma bala la kaputeni silinapole. Linada, linayamba kutuluka madzi, mwendo n'kufota ngati nzimbe yotafunidwa. Tsiku limene bambo ake anadzamutenga pakoleji, kaputeniyo, akuyendera ndodo, anamukumbatira Benchi.

“Timu ndakusiyira iwe, m'bale wanga. Uisamale.”

Galimoto isanatuluke n'komwe pageti, Benchi anali atagwada kale pabini ya m'chipinda chawo, akusankha mabandeji amafinya amene mnzakeyo anasiya.

Atatha amenewo, anagwira mnzake wina. Pakakhala kuti palibe wovulala, ankagunda mnzake ndi chigongono pamphuno pochita zokonzekera, kenako n'kuthamanga ndi thaulo. “Pepa aise, sindinakuone!” Thaulolo linkathera m'chikwama mwake. Anyamata ena atatu anasiya mpira chaka chimenecho ndi mabala osapola.

Kenako linayamba fungo. Ankasamba atamanga jumbo kuphazi, ankadzithira perefyumu botolo lathunthu, koma ntchentche zinkamutsata mpaka m'kalasi.

“Iwe, m'chikwama chakocho mwafera khoswe?” anafunsa kochi atatseka mphuno.

Kunyumba amayi ake anamuimitsa pakhomo. “Mwanawe, vula nsapatoyo ndikuchapire. Mbale zonse zikununkha iweyo.”

“Ndi lamulo la kampani, amayi. Siivulidwa.”

Anzake a m'timu anayamba kukayikira. Wina anamupeza akufukula m'bini, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankatenga zomangira zake n'kukaziwotcha. Pabwalo ankamutalikira ngati galu wachiwewe. Masewera atatu anadutsa kanthu kaja kasanadye. Pa achinayi, akudumpha, anamva mano ang'onoang'ono akugwira chala chake chachikulu. Anapambanabe, koma anatuluka m'bwalo nsapato ikulira tchafu tchafu.

Anathamangira kwa wosoka uja. “Kachotseni, madala! Galimoto tengani, zonse tengani!”

Mkuluyo sanadzutse n'komwe mutu pa ntchito yake. “Ine ndimasoka, sindimasula. Kapezere chakudya.”

Sabata yomweyo timu yaikulu yakunja inatumiza nthumwi yodzamugula. Ndalama zake zinali zoti munthu sangazimalize. Chinatsala n'chimodzi: kukayezedwa m'thupi. Benchi akanatha kukana, koma dyera linamukankha. Anaganiza kuti adokotala awanyengerera ndi kenakake.

“Vulani nsapato, achimwene,” anatero adokotala, mayi wachikulire wosakonda zocheza.

“Yezani kwina konse, adokotala. Kuphaziku kuli bwinobwino.”

Adokotala anapinda buluku la Benchi. Mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, wobiriwira. Benchi anayesa kuimirira kuti athawe, koma anagwa chagada. Namwino anabwera ndi lumo n'kudula nsapatoyo.

Munatuluka madzi akuda, mphutsi zili nyakanyaka, ndi mabandeji owola a anthu anayi. Zala kunalibe, kunangotsala timafupa toyera. Kanthu kaja kanali katakula ngati chule, kopanda maso, kukamwa kwake kutakanirira pachidendene, kakuyamwabe. Namwino anasanza pomwepo. Nthumwi ija, imene inkaonerera, inatuluka itatseka kukamwa ndi mpango, ndipo sinabwererenso.

Mwendo anaudula pamwamba pa bondo, koma kuwolako kunali kutakwera kale. Ali m'kutentha kwa thupi, Benchi anaulula zonse, natchula anzake mmodzimmodzi, amayi ake akumva. Mayiwo anachotsa dzanja lawo pachipumi pake n'kukaima pawindo.

“Ine ndinkadya magazi a ana a anzanga,” anatero, “n'kumathokoza.”

Benchi anamwalira tsiku lachitatu, akupempha odwala anzake kuti amugawireko bandeji. Pamaliro bokosi silinatsegulidwe, ndipo wa m'timu ngakhale mmodzi sanabwere kudzalinyamula.

Umu ndi mmene dyera limathera. Munthu wofuna kulemera lero lomwe, osafuna kudikira luso lake likhwime, amayamba ndi kudyetsa anzake kwa chinthu chimene sachidziwa. Anzakewo akatha, chinthucho sichisiya kudya. Chimatembenukira mwini wake.