Kanthambi M'kamwa mwa Chimbalangondo

Dzuwa likupendeka, Gavrila ankapaka mchere chikopa cha chimbalangondo kuseri kwa khola. Chimbalangondo chakecho! Kwathu kuno, kumene nguluwe zimakula ngati ng'ombe, chotere sichinaonekepo. Chikopa chinakuta khoma lonse n'kutsalako chofunda banja lathunthu. Mutu sanauchotse, kukamwa kuli yasa.

Anzake amene anasaka nawo, Toader ndi Zamfir, anatulukira ndi kachasu wa zipatso za mapulamu, aliyense ndi chodzitamira chake. Toader anali ndi mano a nguluwe otalika ngati zikwakwa, Zamfir nyanga za gwape zoti n'kupachikapo majasi a mpingo wonse.

"Iwe Zamfir, gwapeyu sunamutole atafa yekha ndi ukalamba?" anatero Toader.

"Tseka pakamwa! Kamfuti kako kamaopsa nkhuku zokha."

Saveta, mkazi wa Gavrila, sanaseke nawo.

"Bambo, kanthambi munachipatsa?"

Paja kwathu mlenje akapha nyama amaiika kanthambi ka paini m'kamwa, chakudya chomaliza, kuti ipite yosakwiya. Koma tsiku la uzimba atatuwa anangochikwera pamsana n'kumaimba, za kanthambi osakumbuka.

"Chakufa sichidya, mayi," anatero Gavrila.

Kuyambira pamenepo mudzi unayamba kununkha uchi ndi ubweya wonyowa. Agalu oti amathamangitsa mimbulu ankabisala kunsi kwa ngolo. Kukada, china chake chinkapumira m'makoma, fuu, fuu, mpaka nyale kuzima. Amayi pachitsime ankanong'onezana kuti Nichifor woweta njuchi, wokhala yekha m'mphepete mwa nkhalango, sanaonekenso chichitikire uzimba uja. Ena ankati mkuluyo akafuna amavala ubweya.

Anthu anamupeza Toader atafa pamulu wa nkhuni ali gada, wopanda bala, m'kamwa mwadzaza tinthambi ta paini. Zamfir anakhoma zitseko ndi misomali, wansembe anawaza madzi odalitsa mpaka nyumba kuchita dambo. Koma naye anamupezabe atafa pansi pa nyanga za gwape zija, tinthambi tikutulukira m'mphuno.

"Mwatsala inu," anatero Saveta kwa mwamuna wake.

"Ndithawire kuti?"

"Kulibe. Kachidyetseni, kusanade."

Gavrila anathyola kanthambi, anavula chipewa, n'kugwada patsogolo pa chikopa.

"Pepani agogo a m'nkhalango. Idyani."

Atapisa dzanja anamva kuti m'kamwamo mukutentha, mpweya ukununkha uchi. Pakati pa mano akuthwawo panang'anima dzino lachitsulo. Mudzi wonse, mwini dzino lachitsulo anali mmodzi: Nichifor.

Kukamwa kuja kunangoti khapa! Kanthambi kanapita, ndi chala chomwe. Kukuwa kwa Gavrila kunamveka kuseri kwa mapiri, chipale chofewa chinagumuka pamadenga onse.

Kutacha, chikopa chinali chitasowa, pakhoma panatsala misomali yokha. Kunyumba kwa Nichifor kunkafuka utsi.

Lamulungu, Gavrila akutuluka m'tchalitchi dzanja lili m'nsanza, anamupeza Nichifor pachipata. Anali atawonda, khosi likuyoyoka mchere, akutafuna kanthambi pang'onopang'ono.

"Unachedwa nako, mnansi, koma kakukoma," anatero Nichifor, dzino lili ng'ani. "Anzako aja ndinachita kuwadyetsa ndekha. Ine nyama yanga sindiisiya ndi njala."