Chipinda cha Mafupa

Mzime anakhala m'mphepete mwa mpando mu ofesi ya alangizi a maphunziro. Anali atasankhidwa kuyunivesite kukaphunzira antholopoloje, maphunziro a anthu ndi kakhalidwe kawo, ndipo tsikulo ophunzira atsopano ankasankha zimene adzaphunzire zaka zonse zinayi. Iye anali atakonza zake mochenjera: zilankhulo, mabanja, moyo wa m'matauni. Phunziro limodzi lokha analizemba, la mafupa a anthu.

Chimwalirire amayi ake, Mzime sankayandikira chilichonse chokhudza imfa. Ngakhale pamalo opalira mabokosi a maliro ankadutsa atawoloka msewu. Achimwene ake, oyendetsa minibasi, amene anamuperekeza, anamunyogodola njira yonse kuti akamaliza adzakhala dokotala wa mizukwa. Iye sanaseke.

Alangiziwo, mayi wa imvi wovala magalasi, anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anamuuza mosapita m'mbali kuti phunziro la mafupa silizembeka, ndi la chaka choyamba, ndipo wosalikhoza salowa chaka chachiwiri. Ngati sangathe, asinthiretu tsiku lomwelo malo asanathe kwina. Mzime anafunsa ngati sangangowerenga m'mabuku. Iwo anapukusa mutu, natenga makiyi.

"Tiye ukaone kaye, mwanawe. Ukasankhira komweko."

Chipindacho chinali kumapeto kwa khonde, chozizira, chonunkha fumbi ndi mankhwala. Makatoni otuwa anali ndandanda pamashelefu achitsulo mpaka kudenga. Achimwene aja anasuzumira kamodzi kokha, nati aiwala kukhoma galimoto. Mapazi awo anamveka akutsika masitepe mwaliwiro.

Alangizi anavala magulovu, nampatsa ake Mzime. Anatsegula katoni imodzi, natulutsa chibade cha munthu ndi manja awiri, nachigoneka pansalu yofewa ngati khanda. Mabowo a maso anam'tong'olera Mzime. Alangiziwo anafotokoza motsitsa mawu kuti munthuyo anali mayi, anadzipereka yekha asanamwalire kuti ana aphunzirirepo, ndipo m'chipindamo saseweretsa munthu. Kenako anamufunsa ngati angaganize ntchito imene mayiyo ankagwira.

Mzime anafuna kunena kuti wasintha maganizo, amulembe kwina kulikonse. Koma poti mabowo aja sakanatha kuwayang'ana, anatsitsira maso kumano. Dzino limodzi lakutsogolo linali lokumbika pang'ono kunsonga, kampata kakang'ono kosalala.

Kampatako anakadziwa. Amayi ake anali telala, ndipo sizasi ikakwiririka m'nsalu ankadula ulusi ndi dzino, malo amodzimodzi chaka ndi chaka, mpaka linakumbika chimodzimodzi. Akaseka kankaonekera.

"Ankasoka," anatero Mzime. "Ankadula ulusi ndi mano."

Alangizi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati mwina ndi zoona, koma oluka maukonde ndi oluma misomali nawonso mano awo amatha motero, ndipo kusiyanitsa kwake ndi kumene amaphunzitsa m'chipindamo. Anangodikira.

Mzime anaima nthawi yaitali. Anaganiza za mayiyo ali moyo, atawerama pamakina, ulusi uli pakamwa, mwina akukalipira mwana kuti asaponde nsalu ya eni ake. Mantha sanachoke. Komabe anatambasula dzanja, nakhudza chibadecho pamphumi. Chinali chouma, chozizira pang'ono. Palibe chinachitika.

Panja hutala ya minibasi inalira, achimwene akuitana ali kutali.

"Phunziroli liyamba liti, mayi?"

"Lolemba m'mawa, muno momwemuno."

Mzime anavula magulovu pang'onopang'ono.

"Ndilembeni," anatero. "Koma mpando wanga ukhale wa pafupi ndi khomo."