Horace, Ufumu wa Maravi ndi Funso la Amalume

Tisungeni anakumana ndi Horace pa siteji ya Songani, Lachisanu lina minibasi zikungodutsa zodzaza. Mnyamatayo anali atatsamira mtengo, maso ali pa foni.

"Pepani achimwene, mwaponda chikwama changa," anatero Tisungeni.

Horace anachotsa phazi msanga. Atadzutsa mutu, anamuyang'ana kanthawi ndithu.

"Pepani kwambiri. Koma chikwamachi ndichithokoze, chandionetsa munthu."

Tisungeni anaseka asakufuna. M'minibasi anakhala moyandikana. Horace anali mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina, pomwe Tisungeni anali mlembi mu ofesi ya pakoleji. Potsika ku Domasi, manambala anali atapatsana kale.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo. "Wafika bwino, duwa langa la ku Malemia?" M'mawa mwake: "Ndadzuka ndi dzina lako pakamwa." Pakutha pa mwezi: "Ine ndi iwe mpaka imvi, Tisu." Mtsikana wake uti amene mtima sukanamudumpha?

Vuto linaonekera mwezi wachitatu. Horace ankakonda gemu ina ya pa laputopu, yomwe munthu amasankha ufumu wakale n'kumamanga mizinda, kuchita malonda ndi kumenya nkhondo. Opanga gemuyo analengeza kuti awonjezera maufumu atatu, koma sanawatchule. Anangotulutsa chithunzi chimodzi: mtsinje, ndi moto ukuyaka kutsidya.

Chithunzi chimenecho chinamulanda Tisungeni chibwenzi.

Lamulungu lina atakhala pa mwala m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, Tisungeni anayamba kufotokoza za amayi ake, kuti miyendo yatupanso.

"Pepa, mtima wanga, apite kuchipatala," anatero Horace, uku akukulitsa chithunzi pa foni. "Koma taona motowu. Moto ndi malawi. Malawi ndi Maravi. Tisu, akutiika ifeyo."

"Ndikunena za amayi anga."

"Ndamva, ndamva. Koma tangoganiza: Kalonga pampando, osula zitsulo akupanga mikondo, mabwato akutsika Shire atanyamula minyanga. Mwinanso aikamo zoti mvula ikakana, anthu azikapereka nsembe. Stewart akuti ndi Zimbabwe. Zimbabwe wa miyala uja, mtsinje autenga kuti?"

Stewart anali mnzake wa pa gulu la WhatsApp la okonda gemuyo. Tisungeni anali asanamuonepo, koma maganizo ake ankawadziwa kuposa a mchimwene wake weniweni. Akapita kukadya tchipisi, Stewart. Akamachokera ku kwaya, Stewart. Tsiku lobadwa Tisungeni, Horace anamugulira nsalu yokongola, kenako anajambula mapu a Maravi pa pepala lomwe anakulungira nsaluyo.

Komabe Tisungeni ankamukonda. Horace akaika foni pansi anali munthu wokoma, woseketsa, wodziwa kupepesa. Ndiye atanena zofuna kukaonekera kwawo, Tisungeni anavomera. Amalume ake, a Makaiko, mlimi wa mpunga komanso mkulu wa mpingo, anapereka tsiku: Loweruka, 3 koloko masana.

Horace atamva nthawiyo, nkhope inagwa.

"Ndikudziwa," anatero Tisungeni. "Ndi nthawi yomwe akulengeza maufumu ako aja. Ndakhala ndikuimva milungu isanu. Foni uisiye kunyumba."

"Ndikulonjeza, wokondedwa. Loweruka ndi lako lokha."

Anafika pa nthawi yake, atavala jekete, nsapato zikuwala. Anamupatsa mpando pakhonde moyang'anizana ndi a Makaiko. Tisungeni ndi amayi ake anakhala pa mkeka chapambali. Moni utatha, amalume anayamba kuyankhula pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chawo, ndipo Horace anaweramitsa mutu.

"Mnyamata waulemu," ananong'ona amayi.

Koma Tisungeni pomwe anakhalapo ankaona bwino kuwala kwa foni pakati pa mawondo a Horace, itabisidwa ndi m'mphepete mwa jekete. Anakhosomola. Horace sanamve. Anakhosomolanso mpaka amayi anamupatsa madzi.

"Mwanayu bambo ake anamwalira ali ndi zaka zinayi," anatero a Makaiko. "Tamulera movutikira, ndipo sitikufuna adzaonenso misozi. Ndiye tiuzeni, bambo: mwabwera kuti mumusamale moyo wake wonse?"

"Ayi!" anakuwa Horace, akumenya bondo. "Sizingatheke zimenezo."

Foni inatsetsereka n'kugwera pa simenti.

"Ayi, amalume, sindikunena inuyo," anachita chibwibwi Horace. "Aika maufumu a ku Ulaya okhaokha. Moto uja unali wa pa doko. Maravi mulibe."

A Makaiko anayang'ana foniyo, anayang'ana Horace, kenako mwana wa mlongo wawo. Anatenga chipewa chawo.

"Ndikaingitse mbalame ku mpunga," anatero, n'kunyamuka.

Amayi analowa m'nyumba osatsanzika. Tisungeni anatsala pa mkeka, nkhope ikutentha ndi manyazi. Miyezi yonse ija ankamuikira kumbuyo kwa anzake, kumanena kuti ndi chibwana chabe, chidzatha. Lero akawauza chiyani amalume?

Madzulo ake mameseji anabwera khumi ndi awiri. "Ndikhululukire, duwa langa." "Gemu ija ndaichotsa." "Popanda iwe ndine ndani?" Tisungeni sanayankhe ngakhale umodzi.

Mawa lake potuluka m'tchalitchi, Tisungeni anamupeza Horace akudikira pansi pa mtengo wa mango, maso ali ofiira.

"Tisu, ndinalakwa. Ndinangoti ndisuzumire kamodzi kokha. Ndipita kwa amalume ndikagwade. Ndiuze chilichonse, ndichita."

Tisungeni anamuyang'ana. Ankafunitsitsa kumukhululukira, ndipo zimenezo n'zomwe zinkamukwiyitsa kwambiri.

"Chabwino," anatero. "Chinthu chimodzi chokha. Dzulo amalume anakufunsa funso. Linali funso lanji?"

Horace anayamba kungoganizira.

"Anafunsa... za ntchito yanga?"

"Ayi."

"Za kwathu? Kuti ndimapemphera kuti?"

Misozi inamulengeza Tisungeni, koma anafunsanso.

"Maufumu atatu aja ungawatchule?"

Horace anayang'ana pansi. Onse awiri ankadziwa kuti angathe.

"Anafunsa ngati udzandisamala moyo wanga wonse," anatero Tisungeni. "Ndipo unayankha, Horace. Amayi anga anamva, ine ndinamva. Usavutike kupitanso kwa amalume."

Anakonza mpango wake, n'kuthamangira amayi ake omwe ankayenda pang'onopang'ono kutsogolo. Atawapeza, anawalandira Baibulo ndi ambulera, nawagwira mkono mpaka kunyumba.